Tchanelo 3, Tchanelo 36 ndi Tchanelo 95: Mmene Makina Akale a Masewera Ankalumikizidwira ku Wailesi Yakanema

Makina a masewera a pa kanema amene anapangidwa kuyambira mu 1972 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anafikira m'nyumba zimene wailesi yakanema inali ndi khomo limodzi lokha lolandirira zochokera kunja, ndipo khomo limenelo linali la eriyo. Mabowo a nthambo yachikasu, yofiira ndi yoyera anali asanafale, chifukwa opanga ma TV sankaganiza zoti chithunzi chingachokere kwina kulikonse kusiyapo kunyumba youlutsira, komanso chifukwa ma TV ambiri otsika mtengo ankapangidwa m'njira yakuti zitsulo zake zam'kati zinkakhudzana ndi magetsi a pakhoma, moti bowo lolumikizika mwachindunji ku zitsulozo likanaika moyo wa munthu pachiswe. Choncho Magnavox Odyssey ya mu 1972, imene inachokera mu ntchito ya Ralph Baer ndi anzake, pamodzi ndi makina ambiri amene anaitsatira, inkayenera kudzisandutsa siteshoni yaing'ono youlutsira zithunzi ndi cholinga choti TV iilandire ngati mmene inkalandirira masiteshoni enieni. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse, chifukwa siteshoni iliyonse, ngakhale yaing'ono ngati bokosi la machesi, imatsata malamulo a dziko limene inapangidwira, ndipo makina akale akalephera kuonetsa chithunzi masiku ano, kawirikawiri vuto silikhala lakuti anafa ayi, koma lakuti akuulutsa pamalo pamene TV yatsopano sikutchera khutu.

Zithunzi ndi mawu zimayenda m'mlengalenga kapena m'nthambo monga mafunde a mphamvu ya magetsi, amene Heinrich Hertz anatsimikizira kuti alipodi cha m'ma 1887 ndi 1888. Kuchuluka kwa maulendo amene funde limakwera ndi kutsika pa sekondi imodzi ndiko kumatchedwa frequency, ndipo muyezo wake ndi hertz, pokumbukira katswiri yemweyo. Megahertz imodzi, imene imalembedwa MHz, ndi maulendo 1,000,000 pa sekondi. Popeza mafunde onsewa amathamanga pa liwiro la kuwala, lomwe ndi makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, funde logwedezeka mofulumira limakhala lalifupi pamene logwedezeka pang'onopang'ono limakhala lalitali: funde la 61.25 MHz limatalika pafupifupi mamita 5, koma la 591.25 MHz limangopitirira pang'ono theka la mita. N'chifukwa chake maeriyo olandirira gulu la mafunde lotchedwa VHF, loyambira pa 30 mpaka 300 MHz, amakhala a zitsulo zitalizitali, pamene a gulu la UHF, loyambira pa 300 mpaka 3,000 MHz, amakhala a tizitsulo tatifupi tondondozana.

Tchanelo si frequency imodzi, koma ndi chigawo cha mafunde chimene boma linachidulira malire n'kuchipatsa nambala, monga mmene malo amadulidwira mapuloti. Ku United States chigawo chilichonse chinali chotambalala 6 MHz, ndipo tchanelo 3 inkayambira pa 60 n'kulekezera pa 66 MHz. M'kati mwa chigawocho munali funde lonyamula chithunzi pa 61.25 MHz, limene mphamvu yake inkakwera ndi kutsika motsatira kuwala ndi mdima wa chithunzicho, njira imene imatchedwa AM. Munalinso funde lonyamula mawu pa 65.75 MHz, ndiko kuti 4.5 MHz pamwamba pa la chithunzi, limene linkanyamula mawu posinthasintha pang'ono frequency yake, njira imene imatchedwa FM. Mitundu ya chithunzi inabwera mochedwa, mu 1953, pamene malo onse anali atagawidwa kale, motero akatswiri anaitsekereza pa kafunde kena ka 3.58 MHz m'kati mwa chithunzi chomwecho kuti ma TV akale osaonetsa mitundu apitirize kugwira ntchito. Koma nambala 3 payokha ilibe tanthauzo lokhazikika, chifukwa tchanelo 3 ya kumadzulo kwa Ulaya inkanyamula chithunzi pa 55.25 MHz, pamalo pamene ku America panali tchanelo 2, pomwe tchanelo 3 ya ku Japan inali kutali kwambiri, pa 103.25 MHz. Madera atatu, dzina limodzi, malo atatu osiyana: munthu akamvetsa mfundo imeneyi ndiye kuti wadutsa theka la zovuta zonse za makina akalewa.

Ntchito yosandutsa makina a masewera kukhala siteshoni inkagwiridwa ndi kachipangizo kotchedwa modulator, kamene nthawi zambiri kamaoneka ngati kabokosi kachitsulo konyezimira pakona ya bolodi, pafupi ndi pamene nthambo imatulukira. Kachipangizoka kamapanga funde lonyamula, n'kusenzetsapo chithunzi ndi mawu zochokera m'makinamo, kenako n'kuzitumiza m'nthambo ndi mphamvu yochepa zedi, yongokwanira kuyenda mamita awiri kapena atatu. Chifukwa chofuna kuchepetsa mtengo, opanga sankakasamalira monga mmene zipangizo za siteshoni yeniyeni zimasamalidwira. Siteshoni yeniyeni imasefa mbali yaikulu ya mafunde a m'munsi mwa funde lonyamula chithunzi kuti isalowerere chigawo cha inzake, pamene modulator yotsika mtengo imangomwaza mafunde mbali zonse ziwiri. Komanso ma modulator ambiri ankadalira kawaya kopiringiza ndi capacitor, kachipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi, kuti akhazikitse frequency yawo, ndipo zinthu ziwirizi zimasintha pang'ono zikatentha kapena zikakalamba, moti makina amene anatuluka m'fakitale ali pa 61.25 MHz akhoza kupezeka, patapita zaka 40, atasuntha pang'ono pambali.

TV yakale inali yoleza mtima ndi kusuntha kotereku. Gawo lake lotchera masiteshoni, limene limatchedwa tuner, limasakaniza funde lobwera ndi funde lina lopangidwa m'kati momwemo kuti tchanelo iliyonse itsitsidwire pa frequency imodzi yapakati, imene ku America inali 45.75 MHz ndipo m'mayiko ambiri a ku Ulaya inali 38.9 MHz. Njira imeneyi ndi imene Edwin Armstrong anaikonza mu 1918, ndipo phindu lake n'lakuti zigawo zina zonse za TV zimangogwira ntchito pamalo amodzi osasintha. Kuzungulira batani lalikulu losinthira matchanelo kunkakhala kamkombero kotcherera pang'onopang'ono, ndipo mwana aliyense amene anakulira m'nyumba yokhala ndi makina amenewa ankadziwa kukapotoza mosamala mpaka mitundu itatulukira ndi mkokomo utaleka. Dzanja la munthu linkakonza zimene modulator yalakwitsa, ndipo palibe ankaziona ngati vuto.

Funso limene ambiri amafunsa, lakuti n'chifukwa chiyani makina a ku America ankasankha pakati pa matchanelo 3 ndi 4, yankho lake lili mu kagawidwe ka masiteshoni. Bungwe la Federal Communications Commission, limene limayang'anira mafunde m'dzikomo, silinkapereka matchanelo awiri ogundana malire mumzinda umodzi, poopa kuti angasokonezane. Motero New York inali ndi masiteshoni pa 2 ndi 4 koma pa 3 panali popanda kanthu, pamene Philadelphia inali ndi siteshoni pa 3. Kulikonse kumene munthu ankakhala, imodzi mwa nambala ziwiri zogundana inkakhala yopanda mwini, ndipo kasuwichi kakumbuyo kwa makina kankamulola kusankha yopanda mwiniyo. Nintendo Entertainment System, imene inafika ku America mu 1985, inkasankha pakati pa 3 ndi 4, pomwe makina ambiri a Atari 2600, amene anayamba kugulitsidwa mu 1977, ankasankha pakati pa 2 ndi 3. Matchanelo 4 ndi 5 ankatha kukhala mumzinda umodzi chifukwa pakati pawo pali mpata wa 4 MHz, kuchokera pa 72 kufika pa 76, umene nambala zake siziulula. Tchanelo 1 nayo inachotsedwa mu 1948 n'kupatsidwa ntchito zina, ndipo nambala zotsalazo sizinasinthidwe, n'chifukwa chake batani la TV ya ku America limayambira pa 2.

Popeza makina a masewera anali siteshoni, boma la America linkaopa kuti mafunde ake angakwere nthambo ya eriyo n'kufalikira kunyumba za anthu oyandikana nawo, choncho linalamula kuti makinawo atchingidwe ndi zitsulo komanso kuti pakhale suwichi yolekanitsa bwinobwino eriyo ndi makinawo. Apa ndi pamene panachokera kabokosi kotchuka kachitsulo, kokhala ndi batani lokankha lolembedwa TV mbali imodzi ndi GAME kapena COMPUTER mbali inayo, kamene kankamatidwa kumbuyo kwa TV. Pansi pake pankalendewera kanthambo kaphanthiphanthi kokhala ndi mawaya awiri oyenda motsatana, aliwonse ali ndi kachitsulo kooneka ngati mphanda kumapeto kwake, ndipo timphandato tinkamangidwa ndi sikuludiraiva pansi pa tizomangira tiwiri tolembedwa VHF. Nthambo yaphanthiphanthiyo ndi ya 300 ohm, pomwe nthambo yobulungira yotchedwa coaxial, yokhala ndi waya mmodzi pakati wokutidwa ndi ukonde wachitsulo, ndi ya 75 ohm. Manambalawa akusonyeza mmene nthambo imalandirira funde, ndipo nthambo zosiyana manambala zikalumikizidwa popanda kathiransifoma kogwirizanitsa kotchedwa balun, gawo lina la funde limabwerera kumene lachokera, chithunzi n'kufooka kapena kuoneka ndi chithunzithunzi chake pambali. Malamulowa anali okhwima moti Apple II ya mu 1977 inkagulitsidwa yopanda modulator, wogula n'kumakapeza yekha ina yotchedwa Sup'R'Mod imene inkaulutsa pa tchanelo 33, ndipo kampani ya Texas Instruments inagulitsa kompyuta yake ya TI-99/4 mu 1979 pamodzi ndi sikirini yakeyake.

Nintendo inachotsa ntchito yokankha batani pobweretsa kabokosi kotuwa kodzisintha kokha, kamene kamadalira magetsi ochepa amene makinawo amatumiza m'nthambo yomweyo akayatsidwa. Luso limeneli lasanduka msampha kwa anthu a masiku ano, chifukwa Atari 2600 situmiza magetsi oterowo, ndipo ikalumikizidwa kudzera m'kabokosi ka Nintendo chithunzi chimatuluka chofooka chodzaza timadontho, mwini wake n'kuganiza kuti makina aonongeka. Msampha wina ndi wa maonekedwe a pulagi: nthambo ya Atari imathera ndi pulagi ya mtundu wa RCA, yofanana ndendende ndi ya nthambo yachikasu, koma imanyamula mafunde a tchanelo osati chithunzi chosasenzetsedwa, motero ikalowetsedwa m'bowo lachikasu sipaoneka kanthu. Chimene ikufuna ndi kachitsulo kakang'ono kosandutsa pulagi ya RCA kuti ikwane m'bowo la eriyo, ndipo kachitsulo kameneka kamapereka chithunzi choyera kuposa kabokosi kakale kamene m'kati mwake mwachita dzimbiri.

Ku Britain zinthu zinayenda mwa mtundu wina. Mawailesi akanema a mizere 625 m'dzikomo ankaulutsidwa pa UHF pokha, m'matchanelo oyambira pa 21 mpaka 68, iliyonse yotambalala 8 MHz. Tchanelo 21 inkanyamula chithunzi pa 471.25 MHz, ndipo kuwerenga masitepe 15 a 8 MHz kuchokera pamenepo kumafikitsa munthu pa 591.25 MHz, yomwe ndi tchanelo 36. Tchanelo imeneyi inasiyidwa osapatsidwa masiteshoni chifukwa inkagwiritsidwa ntchito ndi zipangizo zounikira ndege, motero inakhala kwawo kwa madeki a vidiyo, makina a masewera ndi makompyuta a m'nyumba monga ZX Spectrum ya mu 1982. Kumeneko kunalibe kasuwichi kosankha pakati pa nambala ziwiri. Munthu ankasankha batani limodzi losagwira ntchito pa TV yake n'kulitchera mpaka atapeza chithunzi cha makinawo, ndipo pulagi yake inali yongokankha ya mtundu wa Belling-Lee, osati yopotokola ya mtundu wa F imene inafala ku America. Mtendere wa tchanelo 36 unatha mu 1997 pamene siteshoni ya Channel 5 inayamba kuulutsa pa matchanelo oyandikana nayo, zimene zinachititsa kuti amisiri ayende khomo ndi khomo kukatcheranso madeki a vidiyo a anthu miyandamiyanda. Nkhani imeneyi ikusonyeza kuti malo opanda mwini m'mafunde amakhala obwereka chabe.

Ngakhale pakati pa mayiko ogwiritsa ntchito mizere 625 ndi njira ya mitundu ya PAL, imene Walter Bruch wa kampani ya Telefunken anaikonza ndipo inayamba kuulutsidwa mu 1967, panalibe mgwirizano pa mtunda wa pakati pa chithunzi ndi mawu. Germany ndi mayiko ambiri a kumadzulo kwa Ulaya, m'dongosolo lotchedwa B ndi G, anaika mawu 5.5 MHz pamwamba pa chithunzi. Britain, Ireland ndi South Africa, imene inayamba kuulutsa zithunzi mu 1976, m'dongosolo la I, anawaika pa 6 MHz. Pomwe mayiko a kum'mawa kwa Ulaya ndi China, m'dongosolo la D ndi K, anawaika pa 6.5 MHz. Zotsatira zake n'zakuti makina a ku Britain akalumikizidwa ku TV ya ku Germany chithunzi chimaoneka bwinobwino koma m'malo mwa nyimbo mumangomveka mkokomo, chifukwa TV ikufunafuna mawu theka la megahertz kutali ndi pamene ali. Ma TV ambiri opangidwira misika yosiyanasiyana ali ndi posankhira dongosolo la mawu, ndipo kusintha kuchoka pa BG kupita pa I kumathetsa vuto limene ena amalitengera kwa wokonza mawailesi. France inapatuka kwambiri ndi njira yake ya SECAM komanso dongosolo la L, limene linkatembenuza kasenzedwe ka chithunzi ndi kunyamula mawu pa AM.

Chitsanzo chimene chimaphunzitsa zambiri kuposa zonse ndi cha Family Computer ya Nintendo, yodziwika kuti Famicom, imene inatuluka ku Japan pa 15 July 1983. Makina oyamba aja, oyera ndi ofiira, analibe potulukira pena paliponse kusiyapo pa nthambo ya mafunde, ndipo kumbuyo kwake kuli kasuwichi kolembedwa CH1 ndi CH2. Mlendo akaona zimenezi amatchera TV yake pa 2, popeza 1 palibe, ndipo amangoona timadontho toyera ndi takuda tikuphethiraphethira ngati mpunga wotayika. Chifukwa chake n'chakuti Japan inagawa mafunde mosiyana ndi mayiko ena: mawailesi a FM inawaika kuyambira pa 76 mpaka 90 MHz, ndipo matchanelo atatu oyamba a kanema inawaika pamwamba pake, kuyambira pa 90 mpaka 108 MHz, pamalo pamene mayiko ena ambiri, kuphatikizapo Malawi, amaikapo mawailesi a FM. Tchanelo 1 ya ku Japan inkanyamula chithunzi pa 91.25 MHz ndi mawu pa 95.75 MHz, pamene tchanelo 2 inkanyamula chithunzi pa 97.25 MHz ndi mawu pa 101.75 MHz. Motero ngakhale Japan ndi America ankagwiritsa ntchito njira imodzi ya NTSC, ya mizere 525, batani la TV ya ku America linalibe malo oimapo m'chigawo chimenecho.

Khomo linatsegulidwa ndi makampani otumiza zithunzi kudzera m'nthambo. Popeza mafunde oyenda m'nthambo yotsekedwa sasokoneza a m'mlengalenga, makampaniwa ankatha kugwiritsa ntchito zigawo zimene masiteshoni a pamlongoti saloledwa, ndipo chigawo cha FM anachipatsa nambala 95, 96 ndi 97. Zinangochitika kuti tchanelo 95 ya m'nthambo ku America inanyamula chithunzi pa 91.25 MHz ndipo 96 pa 97.25 MHz, ndendende pamene pali matchanelo 1 ndi 2 a ku Japan. Choncho mwini Famicom amene ali ndi TV ya ku America amayenera kuiuza kuti ikulandira za m'nthambo osati za pa eriyo, kenako n'kutchera pa 95 kapena 96. Ngakhale atatero ntchito siinathe, chifukwa masiteshoni amphamvu a FM a m'dera lake ali pamalo omwewo, ndipo nthambo ikakhala yosakutidwa bwino amalowerera n'kujambula mizere yopendekeka pachithunzi. Mankhwala ake ndi nthambo yaifupi ya coaxial yokutidwa bwino komanso kuyesa matchanelo onse awiri. Palinso njira yosavuta yodziwira ngati makinawo ali moyo: wailesi wamba ya FM ikayandikizidwa ku nthambo ya Famicom n'kutcheredwa chapafupi ndi 95.75 kapena 101.75 MHz, nyimbo za masewerawo zimatha kumveka, ngakhale chapansipansi, ndipo umenewu ndi umboni wokwanira wakuti modulator ikugwira ntchito.

Kupeza frequency yoyenera ndi chiyambi chabe, chifukwa TV iyeneranso kumva chilankhulo cha chithunzicho. NTSC imajambula sikirini pafupifupi ka 60 pa sekondi ndipo mitundu imaiika pa 3.58 MHz, pomwe PAL imajambula ka 50 ndipo mitundu imaiika pa 4.43 MHz, manambala a 60 ndi 50 atachokera ku kayendedwe ka magetsi a m'mayikowo. TV ya PAL yokha ikalandira NTSC imaonetsa chithunzi chopanda mitundu, ndipo yakale kwambiri imachigubuduza kuchokera pamwamba kupita pansi. Kusiyanaku kunalowerera m'masewera enieniwo, chifukwa ambiri analembedwa kuti azisuntha sitepe imodzi nthawi iliyonse imene sikirini yajambulidwa. Atapita nawo ku mayiko a PAL popanda kuwakonza ankayenda mochedwa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6, ndipo Sonic the Hedgehog ya mu 1991 pa makina a Mega Drive ndi chitsanzo chodziwika, chifukwa ngakhale nyimbo zake zinkamveka zozizira ku Ulaya poyerekeza ndi ku Japan.

Nkhani ya magetsi imafunika kuitchula mwapadera, chifukwa zolakwika zina zonse zimangobisa chithunzi pamene iyi imapha makina. Ku Japan magetsi a m'nyumba ndi a mavoti 100, ku America ndi a 120, pomwe ku Britain, South Africa, Zambia ndi Malawi ndi a pafupifupi 230, motero adaputala ya ku Japan kapena ku America ikalowetsedwa pasoketi ya kuno popanda thiransifoma yotsitsa mphamvu imapsa nthawi yomweyo. Zimenezi zikukhudza anthu a kuno mwachindunji, popeza katundu wamagetsi wogwiritsidwapo kale ntchito amafika m'misika kuchokera kumayiko osiyanasiyana atasakanikirana, ndipo nthawi zambiri adaputala imakhala itasiyana ndi makina ake. Ngakhale ma adaputala a kampani imodzi sasinthanitsika mwachisawawa: ya Nintendo Entertainment System imatulutsa magetsi osinthasintha mbali a AC, pomwe Famicom imafuna magetsi oyenda mbali imodzi a DC okhala ndi negative pakati pa pulagi, ndipo kuika yoyambayo pa Famicom, ngakhale pulagi ikukwana, kumaononga zam'kati.

Njira ya mafunde ndi imene imapereka chithunzi chotsika kuposa zonse, chifukwa chithunzi ndi mawu zimasakanizidwa, kusenzetsedwa, kutumizidwa ndi kutsitsidwanso, ndipo pa sitepe iliyonse pamatayika kanthu. Nthambo yachikasu, yotchedwa composite, imadumpha modulator ndi tuner koma imasiya kuwala ndi mitundu zili m'waya mmodzi, S-Video imazilekanitsa, ndipo RGB, imene ku Ulaya inkadutsa pa pulagi ya mano 21 yotchedwa SCART yochokera ku France, imatumiza kufiira, kubiriwira ndi buluu paokhapaokha. Makina a m'ma 1990 anayamba kudalira njira zimenezi, moti PlayStation ya mu 1994 ndi Nintendo 64 ya mu 1996 zinasiya modulator kunja monga kachipangizo kapadera. Chodabwitsa n'chakuti mu 1993 Nintendo inatulutsa makina atsopano awiri oyenda njira zotsutsana: Famicom yatsopano ya ku Japan inali ndi composite yopanda modulator m'kati, pamene inzake ya ku America inachotsedwa composite n'kutsala ndi mafunde okha.

Kusamukira ku kaulutsidwe ka digito ndiko kunadula chingwe chimene chinkamanga makinawa ku TV. Masiteshoni akuluakulu a ku America anazimitsa kaulutsidwe kakale pa 12 June 2009, mbali yaikulu ya Japan pa 24 July 2011, Britain inamaliza mu October 2012, ndipo mgwirizano wa ku Geneva wa mu 2006 unaika 17 June 2015 kukhala malire kwa mayiko a mu Africa ndi Ulaya pa gulu la UHF. Mafunde enieniwo sanasinthe, koma zimene amanyamula tsopano ndi manambala, ndipo nambala imene imaoneka pasikirini ndi dzina chabe losasonyeza chigawo chimene siteshoni ili. Tuner ya digito yokha siingamve modulator ngakhale itatcheredwa pa frequency yeniyeniyo. Ma TV ambiri akadali ndi tuner ya analogi, koma iyenera kusankhidwa mwadala, ndipo posaka yokha imakonda kudumpha funde lofooka kapena losuntha pambali, chifukwa imayenda m'masitepe oikidwiratu ndipo ilibe kuleza mtima kwa dzanja la munthu. Kusaka pamanja, makina atayatsidwa ndipo katiriji ya masewera yoyera mano ili m'kati, ndiko kumapambana.

Chithunzi chikapezeka pamatsala vuto lina lobisika. Siteshoni yeniyeni inkajambula mizere yodumphadumpha maulendo awiri kuti ikwanitse chithunzi chimodzi, koma makina a masewera ankabwereza mizere imodzimodzi, pafupifupi 240 yooneka, ulendo uliwonse, chinyengo chimene TV ya chubu inkachilandira popanda vuto. TV yaphanthiphanthi imayesa kulumikiza mizereyo ngati kuti ndi ya siteshoni, ndipo potero imafufutiza chithunzi n'kuchichedwetsa, moti wosewera amadina batani koma kanthu ka pasikirini n'kulumpha mochedwa. Pa Atari 2600 wolemba masewera ndi amene ankawerenga yekha mizere, ndipo ena ankapitirira kapena kuperewera pa 262, zimene zimachititsa TV yatsopano kuthimathima. Mfuti ya Zapper ya masewera a Duck Hunt nayo imadalira kuti kuwala kuoneke pa kamphindi kenikeni kamene makina akuyembekezera, n'chifukwa chake pa TV yaphanthiphanthi siigwira ntchito.

Njira zothetsera mavutowa zilipo, ndipo si zonse zofanana phindu. Deki yakale ya vidiyo, ngakhale yosiya kuzunguza matepi, ili ndi tuner ya analogi imene imalandira mafunde n'kutulutsa chithunzi pa nthambo yachikasu, bola ikhale ya dongosolo lofanana ndi makinawo. Zipangizo zopangidwira masewera akale, monga OSSC ndi RetroTINK, zimamvetsa mizere 240 n'kuisandutsa chithunzi cha HDMI cha ma TV atsopano popanda kuchedwa kooneka, ngakhale zimafuna chithunzi chimene chatsitsidwa kale pa funde lonyamula. Ena amatsegula makinawo n'kuwotcherera mawaya atsopano kuti atenge chithunzi chisanafike pa modulator, ntchito imene imapereka zotsatira zabwino ikagwiridwa ndi mmisiri wosamala, koma imene siyenera kukhala yoyambirira, chifukwa makina amenewa sakupangidwanso ndipo bowo lobooledwa pa chikuto chake silitsekeka. N'zomvetsa chisoni kuti makina ambiri abwinobwino atayidwa kapena kuphwasulidwa pa mlandu umene unali wa nambala ya tchanelo basi.

TV ya chubu yokhala ndi tuner yolandira madongosolo angapo ndiyo ikadali bwenzi lenileni la makinawa, ndipo yopezeka ikugwira ntchito ndi yoyenera kuisunga pamalo ouma m'malo moitaya kudzala. Koma isatsegulidwe ndi munthu wosaphunzira ntchitoyo, chifukwa chubu chake chimayendera mavoti pafupifupi 25,000 ndipo chimasunga mphamvu ngakhale pulagi itazulidwa. Aliyense amene makina akale afika m'manja mwake ayambe wawatembenuza n'kuwerenga chikwangwani cha pansi pake, adziwe dziko limene anapangidwira, mavoti amene amafuna ndi frequency imene dzikolo linkatanthauza potchula nambala ya tchanelo, ndipo pokhapokha zitatuzi zitatsimikizika ndi pamene ayenera kulowetsa pulagi pakhoma.